Kagalu Nakonso Ndi Galu

M'matauni mwathu, ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ngakhalenso ku Lusaka, mwayamba kuchuluka agalu osakula msinkhu: tiagalu taubweya woyera mbee timene ambiri amangotitchula kuti Maltese, tina tamiyendo ifupiifupi, tina toti munthu n'kukanyamula ndi dzanja limodzi. Zifukwa zake n'zomveka, pakuti mapoloti achepa, ambiri tikukhala nyumba za lendi, ndipo kudyetsa galu wamkulu kwakwera mtengo. Koma pamodzi ndi tiagalu timeneti pabweranso madandaulo amene tonse tawamva: kamauwa usiku wonse, kaluma mwana wa mlendo, kakukodza pabalaza, kapena kangofa sabata isanathe chikaguleni. Mfundo imene ndikufuna kuikira kumbuyo lero ndi imodzi. Ambiri mwa mavutowa amabwera chifukwa timasamala kagalu mozondotsa. Thupi lake timaliyesa la galu wamkulu wopirira njala ndi kugwa, pamene khalidwe lake timalilekerera poganiza kuti kanthu kakang'ono chotero sikafunika mwambo. Zoyenera n'zosiyana ndi zimenezi: thupi la kagalu lifunika chisamaliro chapadera chifukwa cha kuchepa kwake, koma mutu wake ndi wa galu wathunthu, ndipo uyenera kuphunzitsidwa monga tiphunzitsira galu wina aliyense.

Tiyambe ndi umboni woti kagalu ndi galu wathunthu. Chihuahua, amene dzina lake linachokera ku dera lina la dziko la Mexico ndipo nthawi zambiri sapitirira makilogalamu 3, ndi nyama imodzimodzi ndi galu wa kumudzi wosaka mbewa ndi akalulu, komanso ndi German Shepherd wa apolisi. Mu 2007 akatswiri ofufuza za chibadwa anasonyeza kuti jini imodzi yotchedwa IGF1 ndi imene ili ndi mbali yaikulu pochititsa kuti agalu ena akhale aang'ono. Chimene chinasintha ndi msinkhu, koma mphuno yonunkhiza, khutu lakuthwa, chilakolako chothamangitsa chilichonse chothawa, ndiponso mantha ndi mkwiyo, zonsezi zinatsala m'malo mwake. Mbiri ya agaluwa ikuchitiranso umboni. Dachshund anawetedwa ku Germany kuti azilowa m'mauna kukalimbana ndi nyama zolusa zokumba pansi. Jack Russell anatenga dzina la m'busa wa ku England, John Russell, amene ankaweta agalu otulutsa nkhandwe m'mauna. Yorkshire Terrier, amene lero amamangidwa maliboni kumutu, makolo ake ankagwira makoswe m'mafakitale ndi m'migodi ya kumpoto kwa England m'zaka za m'ma 1800. Galu wotere mukamusandutsa chokongoletsa pasofa, nyonga zake sizitha, koma amazitulutsira pa nsapato zanu, pa nkhuku za anzanu oyandikana nawo ndi pa akakolo a alendo.

Nanga mbiri yoti agalu ang'onoang'ono ndi aukali ndi yabodza? Ayi, ili ndi maziko. Mu 2008 ofufuza a pa yunivesite ya Pennsylvania ku America anafunsa eni agalu a mitundu yoposa 30, ndipo Dachshund, Chihuahua ndi Jack Russell anali m'gulu la agalu amene ankaluma kapena kufuna kuluma anthu kawirikawiri, alendo ngakhalenso eni ake. Funso lenileni ndi loti chimachititsa n'chiyani. Yankho lina linachokera ku Vienna, m'dziko la Austria, mu 2010, kumene ofufuza anasanthula mayankho a eni agalu oposa 1,200. Anapezadi kuti agalu ang'onoang'ono ndi osamvera, amantha ndiponso osachedwa kupsa mtima kuposa akuluakulu. Koma anapezanso kuti eni ake sawaphunzitsa kawirikawiri, sasewera nawo mokwanira, ndipo malamulo awo sakhazikika: chimene aletsa lero mawa achilola. Pamene mwini ankasinthasintha chotero, galu ankakhala wosamvera, ndipo pamene ankalanga pafupipafupi, ukali ndi mantha zinkakula. Kafukufuku wofunsa anthu satsimikizira payekha kuti ichi ndiye chinayambitsa icho, koma zimene anapezazi zikugwirizana ndi zimene aliyense angazione ndi maso pakhomo pamene pali kagalu.

Taonani mmene kagalu kamaphunzirira kuluma. Pafika mlendo, ndipo ana akufuna kumuonetsa chiweto chawo. Kagalu kabwerera m'mbuyo, kapinda mchira, katembenuza nkhope n'kumanyambita milomo. Pa chinenero cha agalu, kanena kale kangapo kuti sikakufuna. Palibe wamva, ndipo dzanja likatola n'kukaika pamiyendo pa munthu amene sikamudziwa. Kauma thupi, kenaka katulutsa mano n'kuopseza ndi mawu a kukhosi. Anthu onse pabalaza aphulika kuseka, wina n'kutulutsa foni kuti ajambule. Pomaliza kaluma, ndipo nthawi yomweyo dzanja lija lichoka. Phunziro limene katengapo n'loonekeratu: kupempha mwaulemu sikuthandiza, mano okha ndi amene amamveka. Zikachitika kangapo, kamasiya kuchenjeza n'kumangoyambira pa kuluma. Galu wa makilogalamu 40 akatulutsa mano, aliyense amabwerera m'mbuyo, ndipo mwini wake tsiku lomwelo amayamba kuganiza zomuphunzitsa. Kagalu ka makilogalamu 4 kamakanidwa zonse ziwiri, ulemu womvedwa pamene kakana, ndi maphunziro pamene kalakwa. Choncho lamulo loyamba pakhomo likhale loti kagalu kakathawa kasathamangitsidwe, kakagona kasadzutsidwe, kakamadya kasasokonezedwe, ndipo mlendo adikire kuti kabwere kokha kudzamununkhiza.

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba, ndipo pa agalu nthawi yoyambayo ndi yaifupi kuposa mmene ambiri amaganizira. John Paul Scott ndi John Fuller anatha zaka 13 akulera ndi kuyesa agalu a mitundu isanu ku Bar Harbor ku America, ndipo buku lawo la 1965 linasonyeza kuti kuyambira pa masabata 3 kufika pafupifupi 12, mwana wa galu amalandira mosavuta chilichonse chimene wakumana nacho kuti ndi gawo la dziko lake. Nyengoyi ikadutsa, chachilendo chimayamba kumuopsa. Pa kafukufuku wina wa 1961, ana agalu amene anafika masabata 14 osakhudzidwa ndi munthu anakhala amantha, ndipo kuwaweta pambuyo pake kunali kovuta kwambiri. Izi sizikutanthauza kuti tizithamangira kulanda kagalu kwa make kadakali kakhanda. Masabata oyambirira kamaphunzira kwa make ndi kwa abale ake kuti kuluma molimba kumathetsa masewera. Kafukufuku wa ku Italy wa 2011 anayerekeza agalu amene anachotsedwa kwa amayi awo ali ndi masiku 30 mpaka 40 ndi amene anachotsedwa ali ndi masiku 60, ndipo oyambawo anakula akuuwa mopitirira, akuwononga katundu, akuopa phokoso ndiponso akuchitira nkhanza aliyense woyandikira chakudya chawo. Ku England ogulitsa agalu saloledwa kugulitsa mwana wa galu wosakwana masabata 8. Kuno kwathu tiagalu togulitsidwa m'mphepete mwa msewu, tonyamulidwa m'manja dzuwa likuswa mtengo, nthawi zambiri timakhala tisanafike msinkhu umenewu. Wogula wanzeru amapita kukaona make wa kagalu ndi pamene kakugona, ndipo akakanizidwa kutero amabweza ndalama yake m'thumba.

Mukatenga kagalu ka masabata 8, ndiye kuti mwatsala ndi pafupifupi mwezi umodzi wa nyengo yofewayi, ndipo uyenera kugwiritsidwa ntchito mwadala. Kaone anthu amitundumitundu: abambo a mawu aakulu, agogo oyenda ndi ndodo, ana a sukulu ovala yunifolomu, mlonda wa chipewa ndi tochi, amayi osenza dengu pamutu. Kamve kulira kwa njinga yamoto, jenereta, wailesi, mabingu ndi chitseko cha geti. Kaponde simenti, udzu, mchenga ndi matailosi. Kaone nkhuku ndi mphaka kali pachingwe, n'kupatsidwa kachakudya pamene kakhala phee. Tsiku lililonse kagwidwe makutu, zikhatho ndi milomo modekha, kuti tsiku lokaonana ndi dokotala wa ziweto kapena lometa ubweya lisadzakhale nkhondo. Pa zonsezi chofunika ndi mtima wa kagaluko. Kukatengera pakati pa msika wa phokoso kali kunjenjemera n'kukaphunzitsa mantha amene mumafuna kupewa. Muyambire patali, pamene kangaone chinthucho koma n'kumadyabe ndi kusewera, ndipo muzisendera pang'onopang'ono. Kakakana chakudya chimene kamakonda, dziwani kuti mwayandikira msanga. Ndipo pamene pali potetezeka, kasiyeni kayende ndi miyendo yake, chifukwa galu amene dziko amangolionera m'khwapa mwa munthu saphunzira kudzidalira.

Apa wina aimika dzanja n'kunena kuti, kodi si paja amati kagalu kasatuluke kasanamalize katemera? Nkhawa imeneyi ndi yoona ndipo siyenera kupeputsidwa. Matenda a parvo, amene anafalikira padziko lonse kuyambira mu 1978, amapha ana agalu m'masiku ochepa ndi kusanza ndiponso kutsekula m'mimba kwa magazi, ndipo kachilombo kake kamakhala m'dothi miyezi yambiri. Katemera woteteza ku parvo ndi distemper amayamba pa masabata 6 mpaka 8, n'kumabwerezedwa pakatha masabata 2 mpaka 4 kufikira kagalu katakwanitsa masabata 16. Amabwerezedwa chifukwa chitetezo chimene kanayamwa kwa make chimatha kulepheretsa katemera woyamba, ndipo palibe angadziwe tsiku lenileni limene chitetezocho chatha. Vuto ndi loti mukadikira masabata 16 kali kotsekeredwa m'nyumba, nyengo yophunzira ija yadutsa. N'chifukwa chake bungwe la madokotala a ziweto oona za khalidwe la nyama ku America linalangiza mu 2008 kuti kuzoloweretsa kuyambe katemera asanathe. Njira yake ndi kusiyanitsa zoopsa ndi zosaopsa. Choopsa ndi dothi limene agalu osadziwika amachitapo chimbudzi: m'misewu, kumsika, kudzala. Chosaopsa ndi alendo obwera kwanu atasamba m'manja, pakhomo pa mnzanu amene galu wake ndi wathanzi ndi wobayitsa, kapena ulendo wa pagalimoto kali pamiyendo panu. Nyengo imeneyi ndi pamene kukanyamula m'manja kuli ndi phindu lenileni.

Tsopano tibwere ku thupi, kumene kuchepa kumasinthadi zinthu. Chizolowezi chathu ndi choti galu amadya kamodzi, madzulo, mkute ndi makombo a ndiwo. Galu wamkulu wa kumudzi amapirira zimenezi chifukwa masana amadzisakira zina. Kagalu kolemera kilogalamu imodzi sikangapirire. Thupi laling'ono limataya kutentha msanga ndipo limatentha chakudya mofulumira pa kilogalamu iliyonse, pamene mimba yake ndi yochepa ndipo chiwindi chake sichinafike posunga shuga wokwanira. Kakadumphitsa chakudya, makamaka kali ndi njoka zam'mimba kapena kakuzizidwa m'mwezi wa June, shuga amatsika m'magazi: kamafooka, kuyenda mwadzandidzandi, kunjenjemera, mwinanso kukomoka. Zikatero pakani uchi kapena madzi a shuga m'nkhama zake ndi chala, osathira m'kamwa kuopa kukatsamwitsa, kafunditseni, n'kuthamangira kwa dokotala wa ziweto. Kupewa kwake ndi kukadyetsa kanayi patsiku m'miyezi itatu yoyambirira, katatu kufikira miyezi 6, kenaka kawiri. Chakudya cha m'sitolo chopangidwira ana agalu ndi chimene chili ndi zonse pa mlingo wake. Amene sangachikwanitse asadalire nsima yokha, pakuti imakhutitsa koma simanga mafupa ndi minofu. Phala losakaniza ndi usipa wosinja, dzira lophika ndi maungu pang'ono, lopanda mchere ndi anyezi, ndi poyambira pabwino, ndipo alangizi a ziweto angakuthandizeni pa mlingo. Mkaka wa ng'ombe umatsekula m'mimba ana agalu ambiri, choncho madzi oyera ndi okwanira. Mankhwala a njoka zam'mimba aperekedwe pa masabata awiri alionse kufikira masabata 12, kenaka mwezi ndi mwezi kufikira miyezi 6, potsata kulemera kwake.

Kulemera kumeneku ndi kumene kumachititsanso kuti zinthu zimene galu wamkulu angapulumuke zikhale imfa kwa kagalu. Chokoleti, anyezi, adyo, mphesa ndi mtedza wa makademiya umene timalima ku Thyolo ndi ku Ntchisi, zonsezi zimadwalitsa agalu, ndipo chidutswa chomwecho chimene galu wa makilogalamu 30 sangachimve chimagwetsa wa makilogalamu 2. Panado ndi Brufen si mankhwala opatsa galu mongoganizira. Tameki ndi mankhwala ena a makoswe asaikidwe pamene kangafike, ndipo mafupa a nkhuku ophika amathetheka n'kubaya matumbo. Mafupa a miyendo yakutsogolo ya tiagalu timeneti ndi opyapyala kwambiri, moti kudumpha kuchoka m'manja mwa mwana kapena pabedi kungawathyole. Ana aphunzitsidwe kusewera nako atakhala pansi. Kholingo lake nalo n'lofewa, ndipo mitundu monga Yorkshire Terrier ndi Pomeranian imavutika ndi kuphwanyika kwa njira ya mpweya, choncho lamba wa pachifuwa ndi wabwino kuposa chingwe cha m'khosi. M'kamwa mwake, mano 28 a ubwana amayamba kuguluka pa miyezi 3 kapena 4 kuti pamere 42 a ukulu, onsewo m'kansagwada kakang'ono. Amathithikana, ena a ubwana amakanirira, ndipo nkhama zimadwala msanga, n'chifukwa chake kutsuka mano kuyenera kuyamba kadakali kakang'ono, osagwiritsa ntchito mankhwala otsukira mano a anthu. Muubweya wambiri muja mumabisala nkhupakupa zimene zimafalitsa matenda otha magazi, ndipo pogona pa dothi lonyowa ndi mkodzo pamabweretsa mphutsi za pakhungu zimene tonse tikuzidziwa. Kupesa tsiku ndi tsiku ndi pogona pouma zimateteza zambiri.

Nkhani imene imadanitsa anthu ambiri ndi tiagalu tawo ndi ya kukodza m'nyumba, ndipo apa mbali ziwiri za mfundo yanga zimakumana. Chikhodzodzo cha kagalu ka miyezi iwiri sichisunga mkodzo nthawi yaitali, ndiye vutoli ndi la thupi. Koma kadontho kake ndi kochepa, kamabisika kuseri kwa mpando, ndipo eni ake amangokolopa osaphunzitsa, ndiye vutoli ndi la kulekerera. Njira yake ndi yodziwika. Katulutseni kakangodzuka, kakangotha kudya, kakangotha kusewera, ndiponso pa ola lililonse kapena awiri masana, ndi kamodzi kapena kawiri usiku m'masabata oyamba. Pitani nako pamalo amodzimodzi, imani chete, ndipo kakangomaliza kayamikireni n'kukapatsa kachakudya pomwepo, osati mutabwerera m'nyumba, chifukwa galu amagwirizanitsa mphotho ndi chimene wachita mphindi yomweyo. Mukaona kakununkhiza pansi n'kumazungulira, musadikire. Pamene simungakayang'anire, kakhale m'kamalo kochepa kokhala ndi pogona pake, pakuti galu mwachibadwa sakonda kuipitsa pamene amagona. Kakalakwitsa, tsukani bwino kuti fungo lithe, poti fungo ndi limene limakaitanira pamalo pomwepo. Chizolowezi chokanyika mphuno yake mumkodzo sichiphunzitsa chimene timaganiza. Kagalu kamangophunzira kuti kukodza munthu akuona n'koopsa, ndiye kamakabisala kuchipinda, ndipo panja kamakana kudzithandiza inu muli pomwepo.

Maphunziro ena onse amayenda pa lamulo lomweli, loti chimene chabweretsa phindu chimabwerezedwa. Gwirani kausipa pamwamba pa mphuno yake n'kukasuntha pang'ono chakumbuyo. Mutu ukadzuka, matako amatsika okha, ndipo pamenepo nenani kuti "khala" n'kupereka kausipako. Kuitana nako n'chimodzimodzi: tchulani dzina lake, nenani kuti "bwera", ndipo kubwera kwake kuzikhala ndi mphotho nthawi zonse. Musakaitane kuti mukakalipire, chifukwa mawu amenewa ndi amene adzakapulumutse tsiku limene geti latsala lotsegula galimoto ikubwera. Mphindi zitatu kapena zisanu, kangapo patsiku, n'zokwanira, ndipo mphothoyo ichotsedwe pa chakudya chake cha tsikulo kuti kasanenepe. Kakaluma dzanja posewera, masewera aime, ndipo kapatsidwe chinthu chololedwa kutafuna. Kakadumphira anthu, kasalandire maso kapena mawu kufikira miyendo yonse inayi ili pansi. Kaphunzirenso kukhala kokha, kuyambira mphindi zochepa muli chipinda china, kuti tsiku lopita kuntchito kasadzalire mpaka eni nyumba kukupatsani notisi. Chovuta kwambiri pa zonsezi ndi anthu. Pakhomo pathu pamakhala bambo, mayi, ana, achibale ndi antchito, ndipo ngati mayi aletsa kukwera pasofa pamene ana akukakweza, kagalu sikangadziwe lamulo. Banja ligwirizane mawu ochepa ndi malamulo ochepa, ndipo amene amakhala nako tsiku lonse, amene nthawi zambiri ndi wantchito wa m'nyumba, akhale nawo pa mgwirizanowo.

Chitsutso china ndi chimene ambiri ali nacho mumtima: galu samva popanda mkwapulo, ndipo ayenera kudziwa kuti bwana ndani. Ganizo loti mwini azigonjetsa galu wake linalimbikitsidwa ndi zimene Rudolf Schenkel analemba mu 1947 ataonerera mimbulu yosabadwa pamodzi yotsekeredwa kumalo osungira nyama ku Basel. David Mech, katswiri amene buku lake la 1970 linafalitsa ganizoli, anadzalikonza yekha mu 1999 ataona mimbulu kutchire, n'kupeza kuti gulu lawo ndi banja chabe lotsogozedwa ndi makolo. Umboni wa pa agalu enieni ukulozanso komweko. Mu 2009, pa agalu amene anabweretsedwa kuchipatala cha ziweto cha yunivesite ya Pennsylvania chifukwa cha khalidwe lovuta, 43 pa 100 alionse amene anamenyedwa kapena kupondedwa anabwezera mwaukali. Mu 2020 ofufuza a ku Porto, ku Portugal, anayeza agalu 92 ndipo anapeza kuti ophunzitsidwa ndi zilango anali ndi zizindikiro zambiri za nkhawa kuposa ophunzitsidwa ndi mphotho. Sindikukana kuti mkwapulo umaletsa chinthu panthawiyo. Umaletsadi, n'chifukwa chake anthu amaukhulupirira. Koma suuza galu choyenera kuchita m'malo mwake, ndipo umamuphunzitsa kuopa dzanja la munthu. Dzanja limene adzalilume pambuyo pake kawirikawiri si la bambo amene anamumenya, koma la mwana wofooka amene anangofuna kumusisita. Kusamenya sikutanthauza kulekerera. Mwambo umakhalapo pamene malamulo sasintha ndipo galu sapindula kanthu akawaphwanya.

Ena amati akufuna kagalu kaukali kuti kazilondera, ndipo kukazoloweretsa anthu n'kukapha mphamvu. Tiyeni tinene zoona: galu wa makilogalamu 5 sangagwetse wakuba. Ntchito imene angaigwire bwino ndi yodzutsa eni nyumba, ndipo pa imeneyi khutu lake limaposa la mlonda aliyense. Koma galu wouwa chilichonse, mphepo, mwana wodutsa, wogulitsa masamba, anthu amamuzolowera ndipo usiku wa ngozi palibe amene amadzuka. Amene amadziwa anthu a tsiku ndi tsiku ndi phokoso la masiku onse ndi amene kuuwa kwake kumakhala ndi tanthauzo. Enanso amati zonsezi n'kutaya nthawi chifukwa khalidwe lili m'magazi. Magazi ali ndi mbali yake, ndipo mwana wa galu wamantha amatha kutengera make, chimene ndi chifukwa china chokaonera makeyo musanagule. Koma kafukufuku wamkulu wa 2022 wa ku Massachusetts, wokhudza agalu oposa 18,000, anapeza kuti mtundu wa galu umafotokoza pafupifupi 9 pa 100 yokha ya kusiyana kwa khalidwe pakati pa galu ndi galu mnzake. Mbali yotsalayo ndi yaikulu, ndipo gawo limene lili m'manja mwathu ndi kaleredwe.

Chitsutso chomaliza ndi cholemera kuposa zonse, ndipo chimabwera m'njira ziwiri. Wina amati kuluma kwa kagalu n'kongokanda, wina amati m'dziko limene ana akugona ndi njala n'kulakwa kuwonongera ndalama galu. Onse awiri ayankhidwe ndi matenda a chiwewe. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, ambiri a iwo mu Africa ndi Asia, kuti pafupifupi onse amachitenga kwa agalu, ndiponso kuti 4 mwa 10 alionse ndi ana osakwana zaka 15. Kachilombo kake kamadutsira m'malovu, ndipo sikasankha kukula kwa bala. Zizindikiro zikangoyamba, munthu sachira. Kagalu ka m'nyumba kamene kamagona ndi ana, kakalumidwa ndi galu wodwala pageti, kamabweretsa matendawa pafupi kuposa galu wapanja. Katemera wa chiwewe amabayidwa pa masabata 12 ndipo azibwerezedwa monga mmene a zaziweto alangizira. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi boma, linabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20, ndipo m'zaka zotsatira ana ofika pachipatala cha Queen Elizabeth ndi chiwewe anachepa. Akatswiri amati kubaya agalu 70 pa 100 alionse m'dera kumadula kufala kwa matendawa. Choncho ndalama ya katemera wa galu ndi ndalama yoteteza ana, ndipo pa makampeni otere katemerayu amaperekedwa mwaulere. Wolumidwa kapena kukandidwa atsuke balalo ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Komabe wodandaula za ndalama uja ali ndi mfundo imene ndikuivomereza kwathunthu: palibe amene amakakamizidwa kuweta galu, ndipo banja limene silingakwanitse chakudya, katemera ndi mankhwala lichita bwino kudikira.

Kudikirako kuganiziridwe mofatsa, chifukwa agalu ang'onoang'ono amakhala moyo wautali kuposa akuluakulu, ndipo ambiri amafika zaka 12 mpaka 15. Mwana amene akulirira kagalu lero ali sitandade 3 adzakhala atamaliza sekondale galuyo adakalipo, ndipo udindo udzakhala utabwerera kwa makolo. Pa zaka zonsezo, miyezi inayi kapena isanu yoyambirira ndi imene imafuna khama lalikulu: kudzuka usiku, kudyetsa kanayi, maulendo a katemera, ndi kuphunzitsa banja lonse kulankhula chimodzi. Amene alibe nthawi imeneyi angachite bwino kutenga galu wamkulu kale wa khalidwe lodziwika, monga amene amapezeka kumabungwe osamalira nyama a LSPCA ku Lilongwe ndi BSPCA ku Blantyre. Amene asankha kagalu akumbukirenso kukambirana ndi dokotala za kufula kapena kutseketsa, popeza tiagalu tatikazi timavutika pobereka, makamaka tikakweredwa ndi galu wamkulu. Ndipo nthawi iliyonse pamene mukukayika ngati khalidwe lina n'lololedwa, dzifunseni funso limodzi: galu ameneyu akanakhala wa makilogalamu 40, kodi ndikanaseka? Ngati yankho ndi ayi, muphunzitseni lero. Pamene mukukayika za chakudya, mankhwala kapena masewera, funso litembenuke: kodi thupi la makilogalamu 2 lingapirire zimenezi? Ngati simukutsimikiza, funsani dokotala wa ziweto musanayese.